Kampani ya maulendo itagwa, ndalama zathu tinazilondola chonchi

Kuno ku UK, kampani yogulitsa maulendo a tchuthi ikagwa, makasitomala ake salira mofanana. Wina ndalama zake zimabwerera zonse, wina amangotsala ndi imelo yopepesa. Kusiyanaku kumachokera pa zimene unagula ndi njira imene unalipirira, ndipo zimenezi zimakhala zitachitika kale tsiku logula, kampani ikadali pabwino. Ine ndinazionera pafupi pamene kakampani kamene tinagulako ulendo wa ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain, ndege ndi hotela pamodzi, kanatseka ofesi tisananyamuke.

Foni yawo inayamba kungolira osayankhidwa. Kenako dzina lawo linatuluka pa webusaiti ya Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege limene ambiri amangoti CAA, pa mndandanda wa makampani amene asiya kugwira ntchito. Abambo a kunyumba ankafuna tipite ku ofesiko tikawaone maso ndi maso. Ndinati, "Bambo, kumeneko mukangopeza loko pachitseko, tiyeni tifune kaye pepala lija."

Pepala lija ndi satifiketi ya ATOL. Kuyambira 1973, kampani yogulitsa maulendo ophatikiza ndege ndi malo ogona imayenera kukhala ndi chiphaso cha ATOL (Air Travel Organiser's Licence) chochokera ku CAA, ndipo kuyambira 2009 pa munthu aliyense amene yamugulitsa ulendo imapereka £2.50 ku thumba lotchedwa Air Travel Trust. Thumba limeneli ndi limene limabweza ndalama kwa amene sananyamuke, n'kubweretsa kwawo amene kugwako kwawapeza ali kunja. Satifiketiyo imayenera kubwera ukangolipira ndalama yoyamba, ngakhale ikhale dipoziti chabe. Yathu ndinaipeza yomatidwa ku imelo yakale yotsimikizira ulendo. Pamakhala nambala ya ATOL ya kampaniyo, mayina a onse opita, ndi zimene zatetezedwa. Ndinawerenga mayinawo limodzi ndi limodzi, kuopa kuti la mwana wamng'ono, amene tinamuwonjezera pambuyo, lasiyidwa. Linalipo.

Ambiri amadziwa ATOL chifukwa cha Thomas Cook, kampani ya maulendo imene inayamba mu 1841 n'kugwa pa 23 September 2019 mabanki atafuna £200 miliyoni ina yowonjezera asanavomere kuipulumutsa. Anthu pafupifupi 150,000 anali kunja, ndipo CAA inachita hayala ndege zowabweretsa pa ntchito imene inatchedwa Operation Matterhorn. Boma linalamula kuti onse abwere, kaya ali ndi ATOL kaya alibe, monga linachitiranso Monarch itagwa mu October 2017. Chifukwa cha zimenezo anthu amaganiza kuti aliyense ndi wotetezedwa. Koma boma linathandiza pobweza anthu kwawo basi. Amene anagula tikiti ya ndege yokha ndipo anali asananyamuke anauzidwa kuti akafunse ku banki kapena ku inshuwalansi yawo.

Kwa ife ntchito yaikulu inali mapepala. Fomu ya pa intaneti inkafuna satifiketi, kalata yotsimikizira ulendo, ndi umboni wa ndalama iliyonse imene tinapereka. Ifeyo tinkalipira pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ndiye ndinakhala patebulo ndi masitetimenti a ku banki, cholembera chofiira m'manja, kuchonga paliponse pamene panali dzina la kampaniyo. Pamenepa m'pamene ndinadabwa: dzina la pa sitetimenti silinali la pachikwangwani cha ofesi yawo. Linali dzina lawo la m'kaundula wa makampani, lomwe linalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono pansi pa invoisi. Ndinaika invoisiyo pamodzi ndi masitetimenti kuti wowerenga fomu asavutike kugwirizanitsa. Ndalama zonse zimene walemba pa fomu ziyenera kufanana ndendende ndi za pa umboni, apo ayi amakubwezera mafunso ndipo umayambanso kudikira.

Dipoziti tinalipira ndi khadi la ngongole, zotsalazo ndi khadi la debit, lotenga ndalama mu akaunti mwako. Chidziwitso cha CAA chinanena kuti gawo la khadi la ngongolelo tikalifunse kaye ku banki imene inatipatsa khadilo. Apa pamagwira lamulo lina, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974. Lamuloli limati ukagula chinthu cha mtengo woposa £100 koma osapitirira £30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa n'kulephera kukupatsa, banki ili ndi mlandu wofanana ndi wa wogulitsayo. Chokoma chake n'chakuti ngakhale utalipira kagawo kochepa ndi khadilo, lamulo limateteza mtengo wonse. Mwa zonse zimene ndinawerenga nthawi imeneyo, ichi ndi chimene ndimauza aliyense amene akufuna kugula ulendo. Koma lili ndi msampha wake: ndalama ikadutsa kwa mkhalapakati isanafike kwa amene akuyenera kukupatsa ulendowo, banki ikhoza kunena kuti lamulo silikugwira.

Poimba ku banki ndinatchula Section 75 ndi dzina lake, chifukwa ukangoti "ndikufuna ndalama zanga" akhoza kukulowetsa mu njira ina yotchedwa chargeback. Imeneyi imagwira pa makhadi a debit omwe, koma si lamulo la dziko, ndi malamulo a Visa ndi Mastercard, ndipo nthawi zambiri uli ndi masiku pafupifupi 120 okha oti udandaule. Komanso imabweza zokhazo zimene zinadutsa pa khadilo. Banki ikakana, kapena ikakhala chete milungu 8 utapereka dandaulo, umapita nayo ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa mabanki, ndipo kumeneko sulipira kanthu. Ife sitinafike kumeneko.

Pali chinthu china chimene chimandisokoneza mpaka pano. Popeza makampani a makhadi amadziwa kuti kampani ya maulendo ikagwa ngongole igwera iwo, akangomva kuti ikudwala amayamba kugwira ndalama za makasitomala osazipereka kwa kampaniyo mpaka ulendo utachitika. Mahotela nawonso amayamba kufuna ndalama zawo zonse msanga. Ndiye chitetezo chomwe chimathandiza ife ogula chimafulumizitsanso imfa ya kampani imene mwina ikanapulumuka.

Anzathu awiri a kutchalitchi anagula ku kampani yomweyo, ndipo nkhani zawo zinatha mosiyana. Mayi wina anagula matikiti opita ku Lilongwe pa Khirisimasi, ndipo anali atalandira kale manambala a matikitiwo. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, musanalire imbirani eni ndege." Anaimba, anamuuza kuti matikiti analipiridwa ndipo ali bwinobwino. Tikiti ya ndege yokha ikaperekedwa nthawi yomweyo polipira, kawirikawiri sikhala pansi pa ATOL, koma imakhala kale m'manja mwa kampani ya ndege. Vuto limakhala kwa ife okonda kulipira pang'onopang'ono tikiti isanatuluke: pamenepo wogulitsa amayenera kukupatsa satifiketi ya ATOL, ndipo ngati sakupereka, ndalama zako zili pamphepo. Bambo winayo anagula hotela yokha, n'kutumiza ndalama kuchokera ku akaunti yake kupita ku ya kampani. Panalibe ndege, ndiye ATOL sinamukhudze. Panalibe khadi, ndiye banki inati si nkhani yake. Anangolembetsa dzina kwa othetsa kampani, amene amagulitsa katundu wake kuti abweze ngongole, kumbuyo kwa mabanki ndi antchito amene amayamba kulipidwa.

Fomu ya ATOL ili ndi malire a miyezi 12 kuchokera tsiku limene kampani yagwa, koma ife tinatumiza sabata yomweyo. Ndalama zinabwera m'magawo awiri, ya banki poyamba, ya Air Travel Trust pambuyo pake atatifunsanso sitetimenti imodzi imene sinkaoneka bwino. Zimene sizinabwere ndi za malo oimikapo galimoto pa bwalo la ndege la Manchester, amene tinalipira patokha kwa kampani ina. Inshuwalansi yathu inali yotchipa, ndipo m'mapepala ake munalibe gawo lokhudza kugwa kwa kampani yogulitsa ulendo.