Pikapu itatifera pafupi ndi Atlantis

Tinanyamuka ku Cape Town m'mamawa pa pikapu yakale ya msuweni wanga, ulendo wa ku Langebaan kudzera msewu wa R27. Titangodutsa Melkbosstrand, geji ya kutentha inafika pofiira, nthunzi n'kuyamba kufuka pansi pa boneti. Madzi onse anali atathera pansi, koma mapaipi a radiyeta anali bwinobwino. Wokoka galimoto amene tinamuimbira anatchula R1,500, chonsecho Atlantis inali pafupi pomwepa. Kudyera anthu pa mavuto kumeneku kumandinyansa.

Tikadali kudandaula, panaima bambo wina wachikulire. Anaunika ndi tochi m'mbali mwa buloko ya injini n'kutionetsa kachitsekerero kachitsulo kozungulira, katabooka ndi dzimbiri. Anatikoka ndi chingwe mpaka kwawo ku Atlantis, tauni imene boma la tsankho linamangira anthu amene linkawatcha makaladi m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko kunakhazikitsidwa fakitale ya Atlantis Diesel Engines mu 1979, yopanga injini za Mercedes-Benz ndi Perkins. Bambowa anati ukalamba wawapeza akugwira ntchito yosungunula zitsulo ndi kuumba mabuloko.

Akugogoda kachitsekerero katsopano, ka R40 yokha, ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga opanga injini amasiyiranji mabowo oti adzativutitse pa msewu?"

"Mabowowa sanaikire inu oyendetsa," anatero. "Ndi athu, ife a ku ng'anjo."

Anakhala pansi n'kuyamba kujambula pa dothi ndi sipanala. Buloko imaumbidwa m'chikombole cha mchenga. Paliponse pamene m'kati mufunika mpata, monga njira za madzi zozungulira masilinda, amaikapo chibuma cha mchenga womata ndi guluu wapadera, kenako n'kuthira chitsulo chosungunuka chotentha pafupifupi madigiri 1,400. Chibumacho chimafuna pogwirira kuti chisayandame, mpweya wa guluu akamapsa umafuna potulukira, ndipo chitsulo chikazizira mchenga uyenera kukhutulidwa wonse. Mabowo aja ndi a ntchito zimenezi.

Atafika pa nkhani ya mainjiniya mawu awo anakwera. Anati wojambula injini amene sanapondepo ku ng'anjo amalemba khoma lopyapyala moyandikana ndi chigawo chochindikala. Chopyapyalacho chimauma msanga, chochindikala chimatsalira, ndipo chikamafota chimasiya timphako m'kati kapena mng'alu. Ngodya yakuthwa nayo ndi poyambira ming'alu. Buloko yotero imakanidwa, n'kubwerera kukasungunulidwanso, malasha ndi magetsi zitapita kale. Mankhwala ake, anatero, amayambira pa pepala: makoma akhale ofanana kuchindikala, ngodya zikhale zobulungira, zibuma zichepe kapena zilumikizane kuti zisasunthe, mbali zipendekeke pang'ono kuti chitsanzo cha buloko chimene amadindira mumchenga chizuke osaugumula. Amene anaumbapo njerwa akudziwa mmene dothi limakanirira m'chikombole chopanda polowera mpweya.

Anatchulanso Henry Ford, amene mu 1932 anakakamira kuti buloko ya V8, injini ya masilinda asanu ndi atatu, iumbidwe yathunthu, pamene injini zambiri zotere zinkaumbidwa zidutswa zomanga ndi mabawuti. Poyamba mabuloko ambiri ankawonongeka, koma atazipeza, V8 inafika pa mtengo woti munthu wamba n'kugula. Mabuloko ambiri a aluminiyamu a masiku ano amasiya njira za madzi zotseguka pamwamba, kuti chikombole chachitsulo chilowe n'kutuluka popanda mchenga. Ine ndinkaona ngati injini amaijambula poganizira mphamvu ndi liwiro basi, koma zambiri zimene timaona pa buloko zinalamulidwa ndi mchenga ndi moto.

Ndalama anakana, anangolandira botolo la Coke. Ku Langebaan tinafika dzuwa litapendeka, mphepo ya kunyanja ikuwomba moti sitinakhalitse.

Amene mumayendetsa galimoto zakale, lekani kuthira madzi a pampopi okhaokha mu radiyeta. Kwathu timatero kwambiri, ndipo ndi zimene zimadya tizitsekerero timeneti kuchokera m'kati. Sakanizani ndi coolant, mankhwala a mu radiyeta oteteza ku dzimbiri, ndipo kamodzi kakabooka muonetsenso tinzake. Choipa n'chakuti pa injini zambiri kena kamakhala kumbuyo kwa buloko, koyang'anana ndi giyabokosi, moti kuti musinthe kanthu ka R40 makaniko ayenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo ntchito yokhayo ndi imene idzakudyereni ndalama.