Ku CERN, komwe amayeza kulemera kwa zinthu zosagwirika

Ndinakwera tram nambala 18 pa siteshoni ya Cornavin mumzinda wa Geneva, n'kukatsikira pamapeto penipeni pa njanji, pakhomo pa CERN, malo ofufuzira za tinthu ting'onoting'ono topanga zinthu zonse. Ukangotsika, maso amayamba agwera pa chinyumba chamatabwa chobulungira chija amachitcha Globe. Koma makina otchuka aja owombanitsa tinthuti, LHC, suwaona ayi. Ali pansi pa nthaka mamita pafupifupi 100, mumphanga yozungulira makilomita 27 yodutsa m'malire a Switzerland ndi France.

Mu Science Gateway, nyumba yoonetsera alendo za sayansi yomwe anatsegula mu 2023, ana asukulu anali piringupiringu. Ine chimene chinandigwira mtima ndi macheza ndi mayi wina wachitsikana wochita PhD, amene tinakhala tebulo limodzi pomwa khofi. Nditawafunsa za ntchito yawo, anatenga cholembera n'kuyamba kujambula timabokosi pakapepala kopukutira m'manja, inki ikulowerera.

Anati pulotoni, kanthu kopezeka pakati pa atomu, ili ndi tinthu titatu totchedwa ma quark, ndipo palibe amene anaitulutsapo quark payokha. Mwa atatuwo, awiri amakonda kugwirana, n'kukhala chimene amati diquark. Nayonso siituluka yokha. Nanga chinthu choti sungachiike pasikelo, ungachiyeze bwanji? Apa m'pamene pamabwera timabokosi tija. Njirayi, lattice QCD, anaiyambitsa Kenneth Wilson mu 1974: malo ndi nthawi amazidula tizigawo ting'onoting'ono, ma quark amawaika pamphambano za mizere, kenako makompyuta akuluakulu amawerengera mphamvu yowamanga pamodzi. Kuti awiri aja aoneke bwino, wachitatu amamusankha wolemera kwambiri, woti sasuntha. Zili ngati mbuzi ziwiri zomangidwa pachikhomo chimodzi: chikhomo chili phee, ndiye umatha kuona ngati mbuzizo zikutsatana kapena ayi.

Zimatsatanadi. Ma quark otchedwa up ndi down akagwirana mwa mtundu umene akatswiri amautcha "wabwino", amapepuka ndi ma MeV (muyeso wa kulemera kwa tinthuti) pafupifupi 200 poyerekeza ndi mtundu "woipa". Ngakhale m'zoyezedwa ndi makina zimaonekera: tinthu totchedwa Lambda-c ndi Sigma-c ya chaji +1 tili ndi ma quark ofanana, up, down ndi charm, koma yoyamba, ya mtundu "wabwino", imalemera 2286 MeV pomwe inayo, ya mtundu "woipa", imapitirira 2450.

Madzulo ndinadutsa ku Ferney-Voltaire, mbali ya France, kufupi ndi bwalo la ndege. Pamwamba pamangooneka nyumba wamba zogwiriramo ntchito, koma pansi pake m'pamene pali LHCb, amodzi mwa makina ounikira zotuluka mu LHC. Mu 2017 gulu la LHCb linalengeza kuti lapeza baryon (kanthu ka ma quark atatu) yokhala ndi ma charm awiri, Xi-cc, yolemera 3621 MeV, pafupifupi kanayi kulemera kwa pulotoni. Chimene chimandizizwitsa mpaka lero n'chakuti mu 2014 anthu a lattice anali atawerengera kale pakompyuta n'kupeza pafupifupi 3610, makina asanaione n'komwe.