Ulendo wa ku Leicester: chinangwa cha ku Belgrave Road ndi agogo a ku Highfields

Anzathu amene simudabwere, pepani, mudaphonya. A Tcheya andituma kuti ndilembe nkhaniyi isanazizire, ndiye nayi.

Ulendowu adaukonza ndi achemwali athu a ku Ntcheu, amene kafukufuku wawo wa masitazi ndi wa amwenye omwe adachoka ku Africa n'kudzakhazikika kuno ku Britain. Mukudziwa kale kuti m'gulu mwathu wina ali ku mbiri, wina ku zipembedzo, wina ku zilankhulo, koma tonse tikulima munda umodzi. Iwo adati titseke kaye mabuku tikaone anthuwo ndi maso. Tidanyamukira pa St Pancras, siteshoni ya sitima ya ku London, achimwene a kamera atalowa m'sitima thukuta lili kamukamu, chitseko chitatsala pang'ono kuwapana jekete.

Phunziro lenileni lidachitika tikuyenda mumzinda. Achemwali adatikumbutsa kuti mu 1972 Idi Amin adapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 oti achoke, ndipo khonsolo ya Leicester idalengeza m'nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere kuno. Adabwerabe, anthu pafupifupi 10,000. Mu 1974 ena a iwo, makamaka amayi, adanyanyala ntchito pa fakitale ya Imperial Typewriters chifukwa cha malipiro ndi tsankho. Tidalowanso m'kachisi wa a Jain (chipembedzo china chochokera ku India) pa Oxford Street, nyumba yomwe kale idali tchalitchi. Tonse tidavula nsapato, ndipo a Busa athu adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana zipilala zosemedwa zija.

Tsono za nkhomaliro. Titafika ku Belgrave Road, komwe amati Golden Mile, a Msungichuma adali atalengeza kuyambira m'sitima kuti iwo akufuna nyama yambuzi basi. Tidalowa malo oyamba, mulibe nyama. Achiwiri chimodzimodzi. Achemwali adafotokoza mofatsa kuti eni malo ambiri kumeneko ndi Ahindu a Chigujarati (mtundu wochokera ku Gujarat, ku India) ndipo sadya nyama, koma a Msungichuma adangoti, "Ine ndalama ya gulu sindingaitulutsire nyemba." Tidaima panja mphepo ikuomba, wina akuti tibwerere, wina akuti tigawike pawiri, mpaka a Tcheya adalamula kuti tonse tikhale pamodzi. Kenaka idabwera mbale yomwe amaitcha mogo. A Msungichuma adatola kamodzi, n'kutafuna, n'kukweza mutu: "Anthuni, ichitu n'chinangwa!" Chidalidi chinangwa chokazinga, chothira tsabola ndi ndimu, chakudya chomwe mabanjawa adachitenga ku Africa. Adaitanitsa mbale ina, kenaka inanso, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo ndi a Mogo. Musawaitane mwina pamsonkhano ukubwerawu.

Chomwe chidandigwira mtima ine chidachitika madzulo ku Highfields. Tili m'sitolo ina tikukambirana za mitengo ya zonunkhiritsa, agogo ena achimwenye a ndevu zoyera, atavala kachipewa ka Chisilamu, adatembenuka n'kuti, "Ana inu, kwanu n'kuti kumudzi?" Chichewa chosalala, chokhala ndi kakomedwe ka ku Limbe. Tonse tidangoti kakasi. Adatiuza kuti makolo awo adali ndi sitolo kumudzi, ndipo adaitseka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu Banda lidalamula amwenye kuti azichita malonda m'mizinda yokha. Adafunsa ngati chambo chikupezekabe, adafunsa za mango a m'nyengo ya dzinja. Achemwali adapempha chilolezo asanalembe kalikonse, monga mwa malamulo a kafukufuku, ndipo agogowo adavomera kudzakumananso nawo.

Nkhani imeneyi ndi yomwe idabutsa mkangano pobwerera. Achimwene a zachuma adati lamulo lija lidali lofunika kuti Amalawi akuda apeze mpata wa malonda. A Busa adati kwawo masitolo aja adangokhala mabwinja, anthu n'kumayenda mtunda wautali kukagula mchere ndi palafini. Mawu adakwera mpaka azungu oyandikana nafe adayamba kucheuka. Ine ndili kumbali ya achemwali, amene adati mbiri ya Malawi timailemba ngati agogo aja sadakhaleko, pamene Chichewa chawo chikadali chamoyo ku Highfields. Sitidagwirizane, ndipo tapangana kuti nkhaniyi ikhale mutu wa zokambirana zathu mwezi wamawa.

Zikomo achemwali a ku Ntcheu chifukwa chotitsogolera osatopa. Zikomo amayi a gulu chifukwa cha mandasi a m'mawa aja, a Busa chifukwa cha pemphero la ulendo, ndi a Tcheya potigwirizanitsa panthawi ya njala ija. Achimwene a kamera, zithunzi tikuzidikirabe, makamaka chija cha a Mogo ndi mbale yachitatu. Amene simudamalize ya tikiti, kaonaneni ndi a Mogo Loweruka lisanafike.