Pogula kalavani yakale ku Britain, yambani ndi chinyezi

Kalavani yokoka ndi galimoto, imene mabanja ambiri kuno ku Britain amapita nayo kunyanja ku Cornwall kapena kumapiri a ku Wales ndi ku Scotland m'nyengo yotentha, ndi kanyumba kopepuka kwambiri komangidwa pamwamba pa chasisi, chimango chachitsulo chokhala ndi magudumu. Makoma a makalavani ambiri akale ali ndi timitanda ta matabwa m'kati mwake, kunja kuli lata lopyapyala la aluminiyamu, ndipo mbali ya m'nyumba kuli pulayi wopyapyalanso. Kanyumba kotere kamakhala panja chaka chonse, m'dziko limene mvula ilibe nyengo yake, ndipo kakalowa pamsewu kamagwedezeka pa dzenje lililonse. N'chifukwa chake ndikafunsidwa ndi anzanga amene akufuna kugula kalavani yogwiritsidwapo kale ntchito, ndimawauza kuti funso loyamba lisakhale la kuchuluka kwa mabedi kapena mtundu wa makatani, koma lakuti madzi analowamo kapena ayi. Dziwaninso kuti malamulo a kuno safuna kuti kalavani izikayezedwa chaka ndi chaka monga mmene galimoto imapitira ku mayeso otchedwa MOT, choncho palibe wina aliyense amene wakuonerani kale. Woyeza wake ndinu wogula.

Madzi amalowera pamene pali msoko kapena pamene anaboola. Malo odziwika ndi m'mphepete mwa mazenera, makamaka akutsogolo amene amalimbana ndi mphepo pamsewu, pa mazenera a padenga, pa chitseko, pa zogwirira za m'makona zimene timakankhira kalavani, pa magetsi akumbuyo, ndiponso m'kanjanji ka aluminiyamu kozungulira m'mbali, kamene amalowetsamo tenti yapakhonde. Malo onsewa amatsekedwa ndi phula lomatira, ndipo phulali likakhalitsa limauma ndi kung'aluka chifukwa cha dzuwa, chisanu ndi kugwedezeka kuja. Kamng'alu kosaoneka ndi maso n'kokwanira. Madzi amadontha pang'onopang'ono kwa zaka, matabwa a m'kati mwa khoma n'kumaola, pamene kunja kalavani ikunyezimira chifukwa mwini wake waitsuka dzulo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa malonda a makalavani mawu amenewa ndi oona ndithu.

Mukangotsegula chitseko, imani kaye ndi kununkhiza musanayambe kucheza ndi wogulitsa. Fungo la chuku silibisika m'kanyumba kotsekedwa. Mukapeza kuti mazenera onse ndi otsegula m'mawa wozizira, kapena mwapoperedwa zonunkhiritsa zambiri, kapena hita wakhala akuyaka inu musanafike, musafulumire kuweruza munthu, koma dzifunseni chifukwa chake. Kenaka chotsani makushoni onse, tsegulani mabokosi a pansi pa mabedi ndi makabati a m'mwamba, ndipo ndi tochi m'manja muunike m'makona momwe khoma likukumana ndi denga ndiponso momwe likukumana ndi pansi. Dinani khoma ndi chala chachikulu. Khoma labwino ndi lolimba paliponse. Lonyowa limafewa, pepala lake limatuluka timatuza, ndipo nthawi zina pamakhala madontho akuda kapena obiriwira. Tukulaninso labala wa m'mphepete mwa zenera kuti muone thabwa limene lili kuseri kwake.

Ndinaperekezapo mnzanga kukaona kalavani ina imene pazithunzi inkaoneka yosamalidwa bwino, ndipo m'katimo munalidi mwaukhondo. Titachotsa kushoni wa kutsogolo, tinaona timitu ta masikuluwu tatatu tochita dzimbiri, ndipo dzimbirilo linali litatsetsereka pakhoma n'kusiya mizere yofiirira. Mnzangayo atadina pansi pa zenera, chala chinalowa, ndipo atatukula labala panagwa tizidutswa takuda ta thabwa loola, tonyowa, tomata m'zala. Mwini wake anadabwa monga mmene ife tinadabwira, ndipo ndikukhulupirira kuti sankadziwa, chifukwa malo amenewo munthu amene amangogona ndi kuphika m'kalavani sayang'anako. Sikuluwu ya dzimbiri m'kati mwa kalavani ndi umboni umene sindiunyalanyaza, chifukwa chitsulo chimene chili pouma sichichita dzimbiri.

Mphuno ndi chala zimagwira chinyezi chimene chafika kale patali. Chongoyamba kumene chimafuna kachipangizo koyezera chinyezi, kamene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama zimene mukufuna kutulutsa. Amisiri a makalavani amawerenga motere: kuyambira 0 mpaka 15 peresenti palibe chodetsa nkhawa, pakati pa 15 ndi 20 pakufunika kuyang'anitsitsa ndi kudzayezanso, kupitirira 20 ndiye kuti madzi akulowa penapake, ndipo kachipangizoko kakafika pa 30 kapena kuposa, matabwa a m'kati ayenera kuti ayamba kale kuwonongeka. Yezani malo ambiri ndi kulemba zimene mwapeza, chifukwa chofunika ndi kusiyana kwa manambala pakati pa khoma ili ndi linzake. Mame a m'mawa kapena chitsulo chobisika m'khoma zingathe kukweza nambala pamalo amodzi. Ngati kachipangizo kanu n'kamene kali ndi timisomali tobaya, pemphani chilolezo musanabaye, ndipo bayani pobisika. Wogulitsa amene akukana kuti kalavani yake iyezedwe chinyezi mwa njira ina iliyonse, ine ndimamutsanzika mwaulemu.

Ndikulimbikira pa nkhani imeneyi chifukwa cha mtengo wokonzetsera. Firiji ikafa mumagula ina, ndipo matayala mumasintha m'mawa umodzi, koma khoma loola limafuna kuti mmisiri achotse zenera, akanganule pulayi wa m'kati, aumitse khomalo, adule matabwa onse oola n'kuikamo atsopano, kenaka amatenso msoko wa kunja. Pa kalavani ya zaka 15 kapena 20 ntchito imeneyi ikhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa kalavani yonse. Opanga makalavani akudziwa za vutoli, ndipo kampani ya Bailey ya ku Bristol inayamba mu 2009 kamangidwe kotchedwa Alu-Tech, kamene kanachepetsa matabwa ndi misoko m'makoma, ndipo makampani ena monga Swift ndi Elddis anabweretsanso njira zawo. Zimenezi zathandiza, koma sizikutanthauza kuti kalavani yotereyi isayezedwe, chifukwa madzi amapezabe njira pa mazenera ndiponso m'mphepete mwa pansi.

Pansi pali vuto linanso losakhudzana kwenikweni ndi madzi. Pansipo ndi mapulayi awiri omatidwa ku chotchingira kuzizira chimene chili pakati pawo, ndipo guluu akatopa zimalekana. Vulani nsapato, yendani pang'onopang'ono pakhomo ndi pafupi ndi pophikira, pamene anthu amaponda kwambiri, ndipo mumve ngati pakufewa kapena pakulira. Izi zimakonzeka pothira guluu wapadera m'timabowo, choncho ndi chifukwa chotsitsira mtengo, osati chothawira. Musanakwere, onetsetsani kuti miyendo inayi ya m'makona yatsitsidwa, apo ayi kalavani ikhoza kupendekera kumbuyo inu muli m'kati. Ndipo potsitsa miyendoyo muone ngati ina ili yopindika.

Kalavani youma koma yobedwa, kapena imene ili ndi ngongole yosamalizidwa, si yanu ngakhale mwalipira. Kuyambira mu 1992 makalavani opangidwa ku Britain amalembetsedwa m'kaundula wotchedwa CRiS, ndipo iliyonse ili ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, yolembedwa pa mazenera ndi kudindidwa pa chasisi. Chilembo chakhumi pa nambalayo chimasonyeza chaka cha kalavani, choncho mungathe kutsimikizira nokha zaka zimene wogulitsa akunena. Yerekezani nambala ya pa mazenera, ya pa chasisi ndi ya pa chikalata cha CRiS, ndipo dzina ndi adiresi za pachikalatacho zikhale za munthu amene mukulankhula naye. Zenera limene lapalidwa pakona, kapena lomatidwa sitika pamalo pamene nambala imakhala, ndi chizindikiro choipa, chimodzimodzi chokolekera (chitsulo cha kutsogolo cholumikizira kalavani ku galimoto) chimene chikuoneka kuti loko wake anachita kudulidwa. Mukalipira kandalama kochepa, a CRiS amakuuzani ngati kalavaniyo inanenedwa kuti yabedwa, ngati ili ndi ngongole, kapena ngati a inshuwalansi anaiweruza kuti ndi yosakonzeka. Kaonereni kalavani kunyumba kwa mwini wake kapena kumalo amene amaisungitsa, osati pamalo oimika magalimoto m'mbali mwa msewu, ndipo musatumize ndalama za chikole kwa munthu wa pa Facebook kapena pa eBay musanaione ndi maso anu, ngakhale anene kuti ogula ena ali pamzere.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kugula kwa wamalonda ndi kugula kwa munthu wamba. Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakutetezani mukagula kwa wamalonda, chifukwa katunduyo ayenera kukhala woyenera ntchito yake ndi wogwirizana ndi mtengo wake. Kwa munthu wamba, chimene mungadalire n'chakuti katundu akhale monga mmene anamufotokozera, basi. Choncho sungani chithunzi cha mawu amene analengezera malondawo, ndipo funsani za chinyezi polemba uthenga kuti yankho lake likhale lolembedwa. Pemphani mapepala a sevisi ya chaka ndi chaka, chifukwa sevisi yabwino imabwera ndi pepala losonyeza manambala a chinyezi pa khoma lililonse, ndipo mukaona mapepala a zaka zingapo motsatizana mumadziwa ngati pali kona imene nambala yake ikukwera. Ganiziraninso za zipangizo zosinthira: kampani ya Lunar inagwa mu 2019, ndipo zenera kapena chivundikiro cha kutsogolo cha kalavani imene opanga ake anatseka chimavuta kupeza.

Matayala a kalavani amapusitsa anthu ambiri chifukwa mapazi ake sakutha msanga, popeza kalavani imayenda mitunda yochepa pachaka. Chimene chimawapha ndi kukalamba, kukhala malo amodzi atasenza katundu, ndi dzuwa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mabungwe a eni makalavani amalangiza kusintha matayala akakwana zaka 5, ndi kusawagwiritsa ntchito akapitirira zaka 7, ngakhale mapazi ake akhale oposa mamilimita 1.6 amene lamulo limafuna. Tayala likaphulika pa liwiro limaswa pansi pa kalavani pamwamba pa gudumu, choncho unikani pamenepo kuti muone ngati panakonzedwapo. Muli chigwadire, yang'anani chasisi, chimene pa makalavani ambiri a kuno n'chopangidwa ndi Al-Ko, ngati chili chopindika kapena chowotchereredwa. Kankhani chokolekera kumbuyo: chiyenera kulowa molimba ndi kubwerera pang'onopang'ono, chifukwa ndicho chimagwiritsa mabuleki a kalavani galimoto ikamaima. Kokani handibuleki, onani kawaya kofiira kamene kamamanga mabuleki kalavani ikamasuka, ndipo onani pulagi yolumikizira magetsi ku galimoto, pakuti zatsopano zili ndi imodzi ya mapini 13 pamene zakale zili ndi awiri a mapini 7.

Za kulemera muziwerengere kunyumba musananyamuke, kuti mtima usakomedwe ndi kalavani imene galimoto yanu singaikoke. Pafupi ndi chitseko pali kachitsulo kolembedwa MiRO, kulemera kwa kalavani yopanda katundu wanu, ndi MTPLM, kulemera kumene siyenera kupitirira itadzaza. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye katundu amene mungaikemo, ndipo n'kochepa kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka mukakumbukira kuti batire lokha limalemera makilogalamu oposa 20, tenti yapakhonde isanalowe. Kwa munthu wongoyamba kukoka, malangizo ndi akuti MTPLM isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Limeneli si lamulo, koma ndimalitsatira chifukwa kalavani yolemera ikayamba kuvina kumbuyo lole ikamadutsa, imakokera galimoto kumene ikufuna. Malire amene opanga galimoto anaika, a kulemera kokoka ndi a kulemera kotsamira pa chokolekera, amenewo ndiye osadumphika. Kuyambira pa 16 Disembala 2021, laisensi wamba ya galimoto ku England, Scotland ndi Wales imalola kukoka mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena, koma chilolezo chimenechi sichiwonjezera mphamvu za galimoto yanu.

Za m'kati zitha kuyesedwa m'kanthawi kochepa ngati mwapempha wogulitsa kuti akonzeretu gasi, madzi ndi magetsi, ndi kuyatsa firiji usiku wa dzulo lake, pakuti firiji ya m'kalavani imatenga maola kuti izizire, ndipo iyenera kugwira pa gasi ndi pa magetsi pomwe. Lawi la gasi likhale la buluu. Lachikasu kapena mwaye pamwamba pa chitofu ndi chenjezo la mpweya wa poizoni umene umapha anthu ali m'tulo, choncho pakhale alamu yake yogwira ntchito. Tsegulani mipope yonse ndi kuunika pansi pa chotenthetsera madzi, chifukwa kalavani imene sanaikhetse madzi chisanu chisanafike imakhala ndi mapaipi osweka.

Ngati zonsezi zakukhutiritsani ndipo mtengo wake ndi wa mapaundi masauzande angapo, lipirani mmisiri woyendayenda wa m'gulu la Approved Workshop Scheme kuti adzayeze gasi, magetsi, mabuleki ndi chinyezi musanapereke ndalama. Tsimikizaninso za kosungira, chifukwa eni nyumba ambiri a lendi, ngakhalenso mapangano a nyumba zina zogula, salola kalavani pabwalo. Tsiku lolipira, lisiti likhale ndi nambala yonse ya CRiS, tsiku, mtengo, mayina a nonse awiri ndi mawu akuti palibe ngongole, ndipo mutumize msanga zosinthira umwini m'kaundula. Musaiwale kubwera ndi nambala ya galimoto yanu yomata kumbuyo kwa kalavani ndi magalasi owonjezera a m'mbali, pakuti zonse ziwiri zimafunika pa ulendo woyamba womwewo wobwerera kunyumba.