Musanamasule giyabokosi ya mfuti ya airsoft, yambani mwaimvetsera

Mfuti za airsoft, zija zamasewera zoponya timipira ta pulasitiki, zoyendera batire zikadwala zimanena zokha pomwe pakupweteka. Koma anzanga ambiri omwe timasewera nawo kuno ku England, mfuti ikangoleka kuponya timipira, amathamangira pa intaneti kukaoda mota wina, magiya ena, sipuling'i yolimba, ndalama n'kuthera pomwepo matenda ali chikhalire. Ineyo, amene ndimakonzera anzanga mfuti patebulo la kukhitchini kwanga, ndimati khutu liyambe, sikuludiraiva ibwere pambuyo. Wachigayo wodziwa ntchito yake sachita kutsegula kuti adziwe zoti sefa yang'ambika, amangomvera kulira kwa chigayocho.

Kwa inu amene simunaonepo mkati mwake, zimayenda chonchi. Kampani ya Tokyo Marui ya ku Japan ndi yomwe inatchukitsa mfuti zamagetsizi kuyambira mu 1991 ndi mfuti yake ya FAMAS, ndipo mpaka lero makampani ambiri amangotengera kapangidwe kake. Giyabokosi, kabokosi kosunga magiya ndi pisitoni, ili ndi mitundu: ya Version 2 imakhala mu mfuti za M4, M16 ndi MP5, pomwe Version 3 mumaipeza mu AK ndi G36. Mukakoka trigger, kokokera ndi chala powombera kaja, moto wa batire umafika ku mota, motayo n'kuzunguza magiya atatu: bevel, spur ndi sector. Giya ya sector ili ndi mano mbali imodzi yokha. Manowo amakola mano a pisitoni n'kuikokera kumbuyo ikufinya sipuling'i, ndipo akangotha, pisitoni imapulumuka n'kuthamangira kutsogolo mu silinda. Mpweya wofinyidwawo umatulukira pa nozzle, kampope ka kutsogolo kwa silinda, n'kukankha kampira ka 6mm.

Ndiye tamverani. Mukakoka trigger koma kuli zii, giyabokosi musaikhudze kaye. Onani batire, fyuzi, ndi timawaya tiwiri tolumikiza mota m'chigwiriro, chifukwa timakonda kuvuka. Ikangoti "tiki" kamodzi n'kukhala chete, ndiye kuti batire lafooka kapena magiya akanirira pakati paulendo. Apa chotsani chala msanga, chifukwa kukakamira trigger kumawotcha timazitsulo tolumikiza magetsi mkatimo. Ikani batire lodzadza, muyese pa auto, pomwe mfuti imawombera mosalekeza. Nthawi zambiri imamasuka. Ikamawombera bwino koma ikulira mokwetekera ngati chitsulo chikupalidwa, kawirikawiri ndi mota amene wakhala pamwamba kapena pansi kwambiri, ndipo kabawuti kali pansi pa chigwiriro kaja ndi komwe kamakonza zimenezo. Zunguzani pang'onopang'ono mukuwombera, mpaka phokoso lifewe. Kulira kukakhala kwabwinobwino koma timipira tikugwera pafupi, mpweya ukuthawa penapake.

Kulira komwe kumandidandaulitsa ndi kwa "wiiii", mota akuzungulira mopepuka osamva kulemera kwa sipuling'i. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa ku yunivesite, anabwera ndi M4 yake ikulira choncho.

"Amalume, ikungolira osawombera. Mota wapsa eti?"

"Mota wakupsa salira chonchi, mphwanga. Waikamo batire lanji?"

Anatulutsa batire la mtundu wa LiPo la 11.1V lomwe anzake anamuuza kuti limathamangitsa mfuti. Limathamangitsadi. Titatsegula tinapeza girizi yense wadzadza ndi tizinyenyeswa ta pulasitiki, mano apakati a pisitoni atasengedwa onse, pamalo pake patasalala see.

Chinachitika ndi ichi, ndipo chimagwera anthu ambiri kuno. Malo ambiri osewerera ku Britain salola mfuti ya auto kupitirira liwiro la 350 fps (mafiti pa sekondi) poyeza ndi kampira ka 0.20g, choncho mfuti zathu zimakhala ndi sipuling'i zofewa, za M90 kapena M100 (nambala ikakula, sipuling'i ndi yolimba). Sipuling'i yofewa imabweza pisitoni mochedwerako. Mukaikapo batire la mphamvu, giya ya sector imamaliza kuzungulira n'kubweranso pisitoni isanafike kutsogolo, mano n'kugundana pakati panjira. Chopirira palibe pamenepo. Mnyamatayo amafuna tiikemo pisitoni ya mano achitsulo okhaokha kuti isadzathyokenso. Ndinamukaniza. Pisitoni ndi yotchipa, ndipo ikasweka yatchinjiriza magiya ndi mota. Mukailimbitsa osachotsa chomwe chikuiswa, mwangosamutsira ngoziyo pa zinthu zodula. Tinagula pisitoni wamba, iye n'kubwerera ku batire la 7.4V.

Potsegula pamafunika mtima wodekha. Chotsani magazini, muwombere kangapo pa semi, kuwombera kamodzikamodzi, ngati ikutheka kuti sipuling'i ipumule, kenako muchotse batire. Valani magalasi otchinjiriza maso. Lowetsani sikuludiraiva yopyapyala pabowo la kumbuyo kuti mugwire spring guide, kandodo kogwira sipuling'i kumbuyo, chala china chikupsinja silinda, ndiye muzikweza chivindikiro pang'onopang'ono. Mukapanda kutero, sipuling'i imauluka ndi theka la zamkatimo. Mukangotsegula jambulani ndi foni musanakhudze kanthu. Mudzachifuna chithunzicho pobwezeretsa anti-reversal latch, kachitsulo koletsa magiya kubwerera m'mbuyo, komwe kamadumpha nthawi yomwe manja onse awiri ali otanganidwa.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa mawashala opyapyala aja otchedwa ma shim. Ndi tinthu ta 0.1mm, 0.2mm, tosaoneka kanthu, koma moyo wa giyabokosi uli pamenepo. Ndimayambira pa bevel, ndikuiyerekeza ndi kagiya ka pamutu pa mota, chifukwa apo ndi pomwe phokoso lambiri limachokera. Ikakhala bwino ndimatsatiza spur, kenako sector, kuonetsetsa kuti mano akulumana mokwanira koma nkhope za magiya sizikukhulana. Giya iliyonse ndikaiika ndimatseka giyabokosi, ndikumanga timabawuti tonse, osati tiwiri tokha, ndikuzunguza ndi chala kudzera pabowo la silinda. Iyenera kuzungulira yokha mopanda chokoka, ndipo mukaigwedeza chammbali isasewere koposa mpata wa tsitsi limodzi. Ndi ntchito yotsegula ndi kutseka mobwerezabwereza mpaka zala kuwawa, koma mukadzamva mfuti ikulira mosalala mudzadziwa kuti madzulo amenewo sanapite pachabe.

Chinanso ndi mmene dzino loyamba la sector limakumanira ndi dzino lalikulu la kumbuyo kwa pisitoni. Ayenera kugwirana nkhope ndi nkhope dzino la sector litaloza m'mwamba. Likamakola msanga chopendekeka, dzino la pisitoni limathyoka. Timakonza pomata kalabala pamutu wa silinda kuti pisitoni ikhale cham'mbuyo pang'ono, kenako n'kupala dzino lachiwiri la pisitoni kuti sector idutse osakhula. Kalabalako kamathandizanso Version 2, yomwe imadziwika ndi kusweka kutsogolo chifukwa cha kumenya kwa pisitoni, makamaka m'nyengo yozizira.

Za mpweya sizichedwa. Tsekani nozzle ndi chala, mukankhe pisitoni mu silinda mwachangu. Ikakana kulowa, zili bwino. Ikangolowa fuu, sinthani O-ring, kamkombero ka labala ka pamutu wa pisitoni. Pa labala pakani mafuta a silicone okha, pang'ono. Mafuta a galimoto amawononga labala. Magiya ndiwo amafuna girizi, naye wochepa, chifukwa wochuluka amangothamangitsidwira kumbali n'kumakola zinyalala.

Mukamanga zonse, musapite kukasewera musanayeze pa chrono, kachipangizo koyezera liwiro la kampira. Mfuti yomwe mpweya wake unkathawa, mukaitseka bwino mphamvu imakwera ngakhale sipuling'i ili yomweyo. Lamulo la Policing and Crime Act la 2017 limati mfuti ya airsoft yowombera auto isapitirire mphamvu ya 1.3 joules, ndipo yowombera kamodzikamodzi isapitirire 2.5 joules, ikadutsa apo, boma silikuionanso ngati ya masewera. Ndipo ngakhale lamulo likanapanda kunena, amene akalandire kampirako pakhosi kapena pachala Lamulungu kuthengo ndi mnzanu yemwe mwabwera naye galimoto imodzi. Ikadutsa malire a malo osewerera, tsegulaninso muikemo sipuling'i yofewerapo.