Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Makobiri a Lincoln

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito ya usiku pamalo omwetsera mafuta ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Amalawi tilipo ambiri ndithu m'tauni imeneyi, koma chisanu chikafika aliyense amabindikira kwake. Mkazi wanga anali adakali ku Zomba kudikira mapepala. Ndi nthawi imeneyo pamene makobiri anandilowa m'magazi.

Anandiyambitsa ndi bambo ena opuma pantchito amene ankabwera mbandakucha kudzagula khofi. Ndikawapatsa chenji ankatulutsa kagalasi kokuza zinthu kakhumi n'kumaunika kobiri lililonse la senti imodzi, lija lokhala ndi nkhope ya Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America.

"Bambo, mumafuna chiyani pamenepo?" ndinawafunsa.

Sanayankhe ndi pakamwa. Anapisa m'thumba n'kundipatsa senti ya 1995 pamodzi ndi kagalasi kaja. Pa mawu akuti LIBERTY chilembo chilichonse chinali ndi chinzake pambali, chonenepa bwinobwino, nsonga zake zitagawikana pawiri. Anati imeneyo ndiye doubled die.

Chimachitika ndi ichi. Kobiri limadindidwa ndi chitsulo chotchedwa die, koma nacho chitsulocho chimalandira chithunzi kuchokera ku china chotchedwa hub. Kale ankachikanikiza kangapo, kuchifewetsa pamoto pakatipo, ndipo chikasuntha pang'ono ulendo wachiwiri, zilembo zimatuluka ziwiriziwiri, ngati chidindo cha amfumu chikamenyedwa kawiri pakalata. Cholakwikacho chikakhala m'die, ndiye kuti makobiri onse ochokera mmenemo amabadwa nacho mofanana. N'chifukwa chake osonkhanitsa amatha kupatsa mtundu uliwonse nambala yake.

Kobiri lotere lotchuka koposa ndi senti ya 1955 yodindidwa mumzinda wa Philadelphia. Analowa m'manja mwa anthu pafupifupi 20,000, ena atatsekeredwa m'mapaketi a fodya ngati chenji cha m'makina ogulitsira. Limenelo sulifunira galasi, ndipo ngakhale lotha limadutsa madola 1,000. Bambo aja anati moyo wawo wonse sanalitolepo m'chenji.

Zimene ife timapeza ndi zing'onozing'ono. M'chaka cha 1972 chokha panali ma die angapo olakwika: limodzi lalikulu, limene kobiri lake limagulidwa madola mazanamazana, enawo oti uchite kupendeketsa kobiri pansi pa nyali kuti uone. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kukanikiza kamodzi kokha, choncho zolakwika za masiku ano zimabisala pakati pa chithunzi: chala chowonjezera padzanja la Lincoln atagwira buku pa senti ya 2009, kapena kamtengo kowonjezera pa kota (kobiri la masenti 25) ya chigawo cha Minnesota ya 2005.

Ndinayamba kumatenga bokosi la masenti kubanki. Linkagulidwa madola 25, munkakhala makobiri 2,500, okulungidwa m'mapepala makumi asanu. Ndikaweruka m'mawa ndinkayala thaulo patebulo, nyali pafupi, n'kumasula limodzilimodzi mpaka zala kuda bii, kununkha mkuwa. Ambiri owoneka awiriawiri ndi onyenga. Makina akagwedera podinda, chilembo chimaphwanyika m'mbali n'kusiya kasitepe kophwatalala, chilembocho n'kuwonda. Wotero alibe mtengo kuposa senti yake. Zimandiwawa kuona anthu pa eBay, msika wa pa intaneti, akugulitsa zoterezi kwa ongoyamba kumene pamtengo wokwera, chifukwa amene amagwa m'mbuna ndi anthu osauka oyembekezera mwayi.

Ndinene mosabisa za mtengo, poti msuweni wanga atamva nkhaniyi anandiimbira kuti ndimutumizire ya malata. Doubled die yaing'ono yotoledwa m'chenji imagulidwa madola ochepa chabe, awiri, asanu, mwina khumi ikakhala yonyezimira. Ngakhale ya 1995 ija inapezeka yambiri, mtengo wake n'kutsika. Kutumiza kobiri lotere ku makampani oyeza makobiri a PCGS kapena NGC kuti akalitsimikize kumadya ndalama zoposa kobirilo. Wogula wake ndi munthu mmodzi yekha: amene ali ndi mndandanda wa mitundu yonse ya chaka chimenecho ndipo pampata umenewo mpopanda kanthu.

Munthu wotere ndinakumana naye pachionetsero cha makobiri kumene bambo aja ananditengera. Ndinali ndi senti ya 1972 ya mtundu waung'ono, nditaiika m'kakatoni koboola pakati, nambala yake nditalemba ndi pensulo. Anaiunika nthawi yaitali, natsegula buku lake kuyerekeza timizere ta m'die, kenako anati waisaka zaka zambiri. Anandipatsa madola ochepa, koma tinacheza mpaka khofi kuzizira, ndipo aka kanali koyamba ku America kuti munthu andifunse maganizo anga pa chinthu chimene ndikuchidziwa, osati kumene ndikuchokera.

Masenti otsala ndinkawakulunganso n'kuwabweza kubanki, choncho bokosi silinkandidyera kanthu. Ndinali pakati pa bokosi lina, chipale chofewa chitayamba kusungunuka, pamene foni inalira kuchokera ku Lilongwe: mkazi wanga amuitana ku ofesi ya kazembe. Za ulendo wake tikamba m'gawo lotsatira.