Mikango ya pa Bund ndi nkhani ya mchere

Ndinapita ku Yiwu, ku China, kukaoda katundu, ndiye masiku awiri omaliza ndinati ndikwere sitima ndikaoneko Shanghai. Anzanga ankangokamba za magetsi a ku Pudong usiku koma ine chinandigwira mtima ndi tsidya linalo la mtsinje wa Huangpu, kumene amati Bund, nyumba zamiyala zangondandana ngati uli ku London ndipo zambiri mwa izo anali mabanki a akunja, aku Britain, Russia, Japan, France.

Yomwe inali ya banki ya HSBC ili pa nambala 12, anamaliza kumanga 1923. Pakhomo pali mikango iwiri yamkuwa imene anthu amasisita mapazi ake kuti apeze mwayi. Mkati, kudenga, muli zithunzi za timiyala zosonyeza mizinda 8, zinamatidwa zaka zambirimbiri mpaka anazitulukiranso 1997. Kukongola eeh, khosi linachita kuwawa.

Koma khomo loyandikana nalo ndi Customs House ya wotchi yaikulu ija, apa mpomwe mtima wanga unayamba kulemera. Msonkho wa pa kasitomu wa China unkayendetsedwa ndi akunja, m'Britishi wina, Robert Hart, yekha anakhala bwana wake zaka zoposa 40, ndipo kuyambira 1901 ndalama zimenezo zinkalipiranso chindapusa cha nkhondo ya ma Boxer, gulu la anthu aku China lomwe linaukira akunja. Mu 1911 boma linatenga njanji zomwe anthu wamba a ku Sichuan anasonkhera, nkukakongola mapaundi 6 miliyoni kumabanki a mayiko anayi, anthu anakwiya, chaka chisanathe ufumu wa Qing, womwe unkalamulira China, unali ukugwa.

Imene sikundichoka m'mutu ndi ngongole ya 1913. Yuan Shikai, pulezidenti wa China nthawi imeneyo, anakongola mapaundi 25 miliyoni kumabanki a mayiko asanu, pa 100 iliyonse China inagwira 84 yokha koma kubweza yonse kuphatikiza chiwongoladzanja, ndipo chikole chake chinali msonkho wa mchere. Mchere abale! Munthu ungasiye nyama, ungasiye shuga, koma mchere nyumba iliyonse imagula, ndiye mayi wakumudzi yemwe Shanghai sanamuonepo ankalipira ngongole nthawi iliyonse akathira kamchere m'ndiwo, ndipo anachita kuyikapo m'Britishi, Richard Dane, kuti aziyang'anira ndalamazo zisasokonekere. Ambiri mwa mapaundiwo anapita kungongole zakale ndi zoyendetsera boma, osati sukulu kapena minda.

Wotchi inalira 6 koloko ndidakali chiimire pafupi ndi mikango ija, alendo akusinthana kusisita mapazi. Ine dzanja linakana.